Pulasitiki ya pa Satifiketi ya Taonga

Ine si munthu woyenda. Ndatha zaka zambiri pa geti la fakitale ina ku Chinika, kutsegulira mathiraki opita ku Joni ndi ku Congo, koma mwiniwakene kutali kumene ndimafika ndi kwathu ku Katete, nakonso pokhapokha kukagwa maliro. Kunja kwa dziko lino ndinatulukako kamodzi kokha, ulendo wa ku Harare woperekeza mwana wanga Taonga, ndipo bwenzi zili bwino ndikanathyoka mwendo mmawa umenewo n'kutsala kunyumba.

Taonga anali atapeza malo ku Koreya. Chaka choyamba akaphunzire chiyankhulo chawo pa sukulu ina mumzinda wa Busan, kenako alowe yunivesite kuchita zamagetsi, zonse zolipiridwa ndi eni sukulu. Malowo sanawatole pansi ayi. Zaka ziwiri anakhala m'kabokosi kotumizira ndalama pafoni m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Kanyama, makasitomala akachepa iye ali pa kope lake kujambula timizere ndi timabwalo timene anthu amenewo amati ndi zilembo. Ine ndinkamuseka kuti akujambula mawindo a nyumba imene sadzamanga. Anayesa kawiri osatheka, kachitatu kalata inabwera. Chotsala chinali viza, ndipo nthawi imeneyo ofesi ya kazembe wawo yoona za ife inali ku Harare. Anamuuza kuti akaonekere yekha Lachinayi, teni koloko mmawa, ali ndi pasipoti ndi masatifiketi ake enieni, osati mafotokope. Viza ikapanda kutuluka mwezi usanathe, malowo apatsa wina wotsatira pamzere.

Tsopano muyenera kudziwa za ife a ku Kanyama. Mvula ikabwera madzi saodira, amangolowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Pepala langa la Giredi 9 linasanduka phala chaka china ndikuona ndi maso angawa. Ndiye kwathu chilichonse chofunika timachimata pulasitiki: reji, chiphaso chathu cha boma chija, khadi la kuchipatala, pepala la ukwati, ngakhale chithunzi cha malemu. Masatifiketi a Taonga anali awiri, ya Giredi 12 ndi ya kukoleji kumene anachita zamawaya chaka chimodzi, ndipo ankakhala m'thumba la buledi m'sutikesi yanga pamwamba pa wadiropu. Lolemba ndinawatulutsa, ndinaona m'makona mwapindika, ndipo manyazi anandigwira kuti mwana wanga akaima pamaso pa anthu aukhondo aja ndi mapepala onunkha chinyontho. Ndinapita nawo kwa bambo wina wa mafotokope kumsika, anawalowetsa m'makina ake otentha, n'kutuluka ali waliwali, olimba bwino. Sindinauze munthu. Ndinkafuna akawaone ku Harare n'kunena kuti atate anga amaganiza patali. Kufunsa sindinafunse, chifukwa m'nyumba mwanga ine ndi amene ndimafunsidwa.

Lachitatu tinalawira kukucha. Amake Taonga anatilongedzera mbatata yophika ndi nkhuku yokazinga, kenako anapemphera pakhomo pemphero lalitali mpaka minibasi ziwiri zinatidutsa. Envulopu ndinaiika m'thumba lam'kati la jekete yanga. Taonga anatambasula dzanja.

"Ba tate, nipaseni niike mu chola yanga."

"Vola bamaba mu basi," ndinatero. "Apa pali ine palibe azagwilapo."

Ku siteshoni ya mabasi ya Intercity anatilandira angwangwazi, anthu oitanira mabasi aja, aliyense akukoka chikwama chathu kulozera kwake. Amene anapambana analumbira kuti basi yake inyamuka sikisi koloko yeniyeni, ndipo injini inalidi ikulira, munthu ali pa chiwongolero. Tinagula matikiti, mtengo wake unandipweteka m'mimba, n'kukhala pansi. Seveni inakwana, eyiti inakwana. Munthu wa pa chiwongolero uja anatsika n'kukakwera basi ina kukaliza injini kumenekonso. Ntchito yake inali yomweyo, kunamiza ife opusa. Dalaivala weniweni anabwera naini itadutsa, akutokosa m'mano.

Taonga anakhala kuwindo, ine kunjira. Tsidya la kanjirako kunali mayi wina wa ku Matero, ba Getrude, wogulitsa zitenje ku Harare, munthu amene amadziwa dzenje lililonse la mumsewu umenewo ndiponso yankho la funso lililonse, ngakhale limene sunafunse. Tisanafike ku Chilanga anali atandiuza kale mmene ndingabisire ndalama m'sokosi ndi mankhwala enieni a BP, amene anati ndi adyo. Pa Kafue azimayi anathamangira basi ndi nthochi ndi nsomba zouma. Taonga sanagule kanthu. Anali ndi kapepala ka mayankho a Chikoreya akuwerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedera, kuopa kuti mwina akamufunsa m'chiyankhulo chawo.

Titakhota pa Turnpike kulowera msewu wa ku Chirundu, dziko linayamba kutsetsereka ndipo kutentha kunalowa m'basi. Pa mapiri aja amati Kapiri Ngozi tinapeza mzere wa magalimoto utaima. Thiraki ya feteleza inali itagona chopingasa pa khona, matumba ali mbwee mumsewu. Dalaivala anazimitsa injini n'kuvula nsapato, ndipo ba Getrude anati munthu ameneyu akavula nsapato ndiye kuti tafika.

Tinatsika tonse kukabisala mumthunzi wa basiyo. Ola loyamba anthu ankaseka. Ola lachiwiri madzi akumwa anatha, mwana wa mayi wina anayamba kulira kosatonthozeka, ndipo azibambo tinkapita kukaona thirakiyo mosinthana ngati kuiyang'ana kungaidzutse. Nkhuku ija tinadya pomwepo, tinagawirako ba Getrude. Ndi pamene anafunsa chimene tikukachita ku Harare.

Apa ndiye pamene mtima wanga wonyada unandigulitsa. Ndinawafotokozera zonse, ndikukweza mawu kuti ena amveko, kenako ndinapisa dzanja m'jekete.

"Onani mweka ma risauti yake. Uyu mwana ni mutu."

Masatifiketi ananyezimira padzuwa. Ba Getrude anawalandira n'kuyamikira, koma ine maso anga anali pa Taonga, kudikira kumwetulira kuja. Nkhope yake inagwa. Anatenga ya Giredi 12, anaitembenuza, anayendetsa chala m'mphepete mmene pulasitiki inamatirana.

"Ba tate, mwachita chani?"

"Nachita lamineti. Siuona mwamene vaonekela bwino?"

"Banalemba mu kalata ati osachita lamineti. Banalemba kabili, na vilembo vikulu."

Kalatayo inali mufoni yake, m'Chingerezi, ndipo ine sindinaiwerengepo. Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine ndinaona anthu atatchera makutu, magazi anandithamangira kumutu.

"Nanga sunaniuze chifukwa chani?"

"Simunanifunse."

"Iwe, ukamba na tate wako. Ivi vipepa nasunga ine zaka zonse izi, manzi siyanagwilepo. Lelo ufuna kuniphunzisa pa banthu?"

Taonga anabweza mapepalawo m'envulopu n'kundipatsa, anakakhala pamwala patali pang'ono, padzuwa penipeni. Ndinkaona msana wake wokha. Ndinapsa mtima naye kwambiri, ndipo ndinkadziwa bwinobwino kuti amene ndikumupsera mtima si iye.

Ba Getrude anasendeza pafupi. "Osavutika ba mudala, ivo vimachoka. Muika kanyula pamwamba, mwapitisa nsimbi yokupya, pulasitiki isenduka yeka. Ine n'nachosa pa kadi yanga ya ku kiliniki, sinavutike olo pang'ono."

Taonga anamva. Anabwera n'kuima pamaso pathu, mawu ake ali otsika. "Osagwilako, napapata. Tikafika bwangu nizafunsa ku mashopu ya mapulinta ngati bali na mashini yochosela. Ngati kulibe, tizangena navo so chabe, nizabapempha."

Mwachangu sitinafike. Chigalimoto chokokera chinabwera dzuwa litapendeka, ndipo pa Chirundu tinafika anthu atatheratu. Kumeneko kutentha kwake ndi kwina, mphepo imene imaomba imakhala ngati yachokera m'mbaula. Anyani ankayendayenda pakati pa mathiraki, wina analanda mayi wina buledi m'manja anthu n'kuseka, koma ine kuseka kunali kutandithera. Tinaoloka mlatho, tinalowa m'nyumba ya zidindo. Pamzere Taonga anatenga pasipoti yanga n'kundilembera fomu osandiyang'ana, chifukwa magalasi ndinali nditaiwala m'basi. Chidindo choyamba m'moyo wanga chinagwa m'pasipotimo, sindinamve kalikonse. Kenako tinadikiranso ola lathunthu chifukwa bambo wina wa m'basi mwathu anali ndi makatoni amene sankagwirizana ndi zimene analemba, ndipo anakana kuwasiya.

Za ku Zimbabwe ndilibe zambiri zonena. Ndikukumbuka zitunda za ku Makuti, basi ikukwera mobuula, ndi dzina la Karoi pachikwangwani. Pa Chinhoyi kunali kutada. Ku Harare tinapeza mashopu onse atatseka, ndipo ba Getrude anatilozera nyumba yogona alendo pafupi ndi siteshoni, natsanzika n'kuzimirira ndi mitolo yawo.

Mmawa wa Lachinayi Taonga anagogoda kuchipinda kwanga atanyamula thaulo, anati kubafa kuli mzere, ndikonzeke tinyamuke eyiti koloko. Ndinabwereka nsimbi kwa mayi wosesa kuti ndisite shati. Ndinasita kolala, manja, kumsana, ndinamaliza. Nsimbi inali ikadali yotentha m'dzanja langa, ndipo envulopu inali pabedi.

Sindinganame kuti ndinaiwala zimene mwana ananena. Ndinazikumbuka mawu ndi mawu. Koma mumtima ndinati ndawononga ndine, ndikonzanso ndine, akamabwera kubafa apeze mapepala ake ali mmene analili, nkhani ithere pomwepo popanda ine kupepesa. Ndinayamba ndi ya Giredi 12 poti ndiyo yofunika kwambiri. Ndinayala kansalu kanga kopukutira thukuta, ndinapititsa nsimbi pakona, ndinatokosa ndi chikhadabo. Pulasitiki inatukuka bwinobwino. Mtima unagunda ndi chimwemwe, ndinati ba Getrude ndi mngelo. Ndinatenthetsanso pakati, nthawi yayitaliko, n'kukoka.

Poyamba panabwera bwino chifukwa m'mphepete mulibe zolemba. Nditafika pakati ndinamva kaphokoso kakang'ono, pepala linang'ambika m'kati mwake, khungu lapamwamba n'kupita ndi pulasitiki. Dzina la Taonga linali m'dzanja langa lamanzere, pa pulasitiki yokwinyika. Patebulo panatsala pepala loyera la ubweyaubweya, maphunziro atatu apansi okha akuoneka, ndi chibanga chofiirira pamene nsimbi inakhalitsa. Ndinayesa kubwezeretsa kuti zimatirane, zinangopindika.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Chitseko chinatseguka, Taonga analowa atavala kale siketi yake yakuda ndi bulauzi yoyera imene amake anamugulira pa salaula, msika wa zovala za kaunjika. Anayang'ana tebulo, nsimbi, ndi ine. Ndinadikira kuti alire kapena anditukwane, ndipo ndikanakondwa akanatero. Anangozula nsimbi kumagetsi, anatola zidutswa ziwirizo mosamala, anaziika m'envulopu n'kuilowetsa m'chikwama chake.

"Valani shati. Nthawi yasila."

Tinakwera kombi, ndi mmene amatchulira minibasi kumeneko, kenako tinayenda pansi m'misewu ya mitengo yambiri ndi mipanda italiitali. Pa geti la ofesiyo panali mlonda wa msinkhu wanga, yunifolomu yake yositidwa bwino. Anatilemba m'buku monga ndimalembera anthu ine tsiku ndi tsiku, ndipo atamva kuti ndaperekeza mwana wopita kusukulu anandigwira chanza n'kunena m'Chingerezi kuti ndine bambo wodala.

M'chipinda chodikirira munali achinyamata ena asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense ndi fayilo yake pamiyendo. Ine ndinakhala pabenchi lakumbuyo, pamene ndinkatha kuona kawindo kagalasi. Dzina la Taonga linaitanidwa teni itangodutsa. Kuseri kwa galasi kunali mayi wa ku Zimbabwe komweko, wofatsa, ndipo Chingerezi changa cha pa geti chinakwana kumva zonse.

Taonga anapereka pasipoti, kalata ya sukulu, kenako satifiketi ya kukoleji, ija sindinaigwire ndi nsimbi. Mayiyo anapukusa mutu pang'ono ataona pulasitiki. Anaipendeketsa kuwala, anaiyang'ana kumbuyo, analowa nayo m'chipinda cham'kati. Atabwerako anati pulasitiki saifuna ndithu ndipo analemba momveka m'kalata ija, koma poti chidindo chikuoneka ndipo mwanayo wachokera kutali, iyi ailandira. Anatambasula dzanja kuti apatsidwe inayo.

Ndikanangosita shati yanga n'kubweza nsimbi kwa mwini wake, bwenzi nkhani itathera pamenepo.

Taonga anatulutsa zidutswa zija n'kuziyala pakauntala, china pambali pa chinzake. Mayiyo anaziyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa chimene chinachitika, Taonga anati ngozi ya nsimbi, osatchula munthu. Mayiyo analowanso m'kati, ndipo ulendo uno sanachedwe. Anati akupepesa kwambiri, pepala lopanda dzina sangalilandire, fotokope payokha siikwanira. Akapeze lina kwathu abwere nalo mwezi usanathe. Mwezi unali utatsala ndi masiku asanu ndi anayi. Taonga ankadziwa bwino kuti pepala lotere silituluka m'masiku ochepa choncho.

Analongedza zinthu zake. Nthawi yomweyo bambo wina wa ku Koreya anadutsa kuseri kwa galasi atanyamula mafayilo. Taonga anawerama pang'ono n'kunena mawu angapo m'chiyankhulo chawo. Bamboyo anaima, anadabwa, anamuyankha akumwetulira, ndipo anayankhulana kamphindi ndithu. Aka kanali koyamba kumva mwana wanga akuyankhula chiyankhulocho ndi mwini wake, ndipo chinkatuluka mosavuta ngati anabadwa nacho. Bamboyo anapitiriza ulendo wake osadziwa kanthu. Ine ndinatuluka panja chifukwa misozi inali itayamba, ndipo sindinafune kuti mlonda mnzanga uja aione, koma anaiona.

Basi yobwerera tinaipeza Lachisanu mmawa. Inanyamuka pa nthawi yake, msewu unali woyera, ngati dziko likutiseka. Kuyambira ku Harare mpaka ku Karoi sitinayankhulane. Pa Karoi Taonga anatsika, anabwera ndi botolo la madzi n'kundipatsa.

"Mwamwa mankhwala ya BP?"

Ndinati ayi. Anadikira mpaka nditameza, n'kubwerera kuwindo lake. Kapepala ka mayankho kaja sanakatulutsenso. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma ndinkalephera. Ndakalipira anthu moyo wanga wonse, madalaivala, ana, mkazi wanga, ndipo ndinapeza kuti mawu enawo sindinawaphunzire. Ndinkati ndinena tikafika pa Makuti, pa Makuti ndinati tikaoloka.

Titaoloka mlatho wa Chirundu mafoni anadzuka m'basi monse. Ya Taonga inalira tisanatuluke n'komwe m'tauni. Anali amake, ndipo mawu awo safuna sipika, ndinkamva zonse. Anati azimayi a kutchalitchi abwera mawa kudzathokoza Mulungu, nkhuku agula kale, nanga bwanji foni sinkagwira masiku awiri.

"Vakanga, amai," Taonga anatero. "Satifiketi yaonongeka."

Kenako linabwera funso limene ndinkaliopa, loti waiononga ndani. Ndinagwira mpando wakutsogolo. Amake Taonga sasunga nkhani, ndipo ikanafika pa mpopi wa madzi Loweruka mmawa, ine ndikanakhala nyimbo ya Kanyama yense mpaka kumanda. Mwanayo ankadziwa zimenezi monga ndinkadziwira ine.

"Ni ine," anatero akuyang'ana kunja. "N'nachita lamineti osabelenga bwino kalata. Manje n'nafuna kuchosa na nsimbi, yapya."

Amake anayamba. Anamutcha wosasamala, wodzimva, wongodziwa kugwira foni. Anamukumbutsa kuti atate ake asiya ntchito masiku atatu, munthu wodwala BP, kukhala padzuwa m'mapiri chifukwa cha iye. Anati Mulungu anatsegula chitseko, iye watseka ndi manja ake. Taonga ankangoti ee amai, ee amai, misozi ikutsika osaipukuta. Mayi amene anakhala kutsogolo kwathu anatembenuka kumuyang'ana n'kutsonya.

"Bapase foni batate bako."

Taonga anandipatsa. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichokereni m'chipinda changa chija cha ku Harare, ndipo m'maso mwakemo munalibe kundipempha kalikonse. Foni inali yofunda. Mkazi wanga anali akulira.

"Pepani, batate bake Taonga. Mwavutikila mahala. Uyu mwana watichitisa nsoni."

Mpata unalipo, wokwanira bwino, ndipo choonadi chinali mawu atatu okha. Basi inali itayamba kukwera phiri. Ndinamva pakamwa panga pakunena mofatsa, ngati bambo wabwino:

"Ni mwana. Mukhululukileni chabe."

Ndinabweza foni, ndipo Taonga anailandira ndi manja awiri.